Maseveni Awiri a Ba Ignatius

Ng'ombe imene alamu anga Ba Ignatius anaibetcha pa njuga sinali yawo. Inali ya mlongo wanga Mainess, mkazi wawo, yomwe anaipeza ndi thukuta la zaka zinayi zolima nshawa, mtedza uja. Ndiye mukamva mawu anga akuwawa pang'ono musadabwe.

Alamuwo anabadwira ku Nkomeshya ngati ife tonse. Ali mnyamata anakaphikira azungu amene ankathira tala mumsewu waukulu, ndipo mmodzi wa iwo, wa ku Amereka, ankasewera poka, njuga ya makadi, akaweruka. Anzawo anabwerako ndi luso loyendetsa thirakitala. Ba Ignatius anabwerako ndi makadi onona mafuta, n'kutiphunzitsa ife pansi pa mango kuseri kwa golosale, Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa.

Masewerawo si ovuta. Aliyense amalandira makadi awiri n'kuwabisa, kenako atatu amagwetsedwa pakati, kenako ena awiri, limodzilimodzi, ndipo pena paliponse mumabetcha. Woopa amataya makadi ake. Ife tinkabetcha mbale za nshawa, zikatentha nkhuku. Koma nzeru yonse ya alamu anga inali imodzi, ndipo tinaimva mpaka makutu kuwawa.

"Mvela, mulamu," ankandiuza. "Ukagwira maseveni awiri, betcha. Pakati pakagwa eyisi kapena king'i, usanjenjeme, betchanso. Munzako azaganiza kuti eyisi ina ili na iwe, azataya. Ni sayansi."

Zaka zoyamba sayansiyo inkawadyera nkhuku ngati mphamba. Mlimi wa kwathu akaika mbale yake pansi sachoka asanaone mathero ake. Koma mu 1976 Ba Ignatius anasankhidwa kukhala tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndipo mwadzidzidzi sayansi inayamba kugwira.

Masiku amenewo khadi la chipani linkachokera m'thumba mwawo, ndipo wopanda khadilo pamsika wa Chongwe ankabwerera pachipata ndi tomato wake. Kalata ya feteleza ankalembanso iwo. Ndiye munthu wa ana asanu ungagwire eyisi n'kuchititsa tcheyamani manyazi pagulu? Akabetcha kachiwiri, tonse tinkakanda m'mutu, kuusa moyo, makadi pansi. Ineyo ndinatayapo makwini atatu chaka chimene ndinkafuna kalata ya sukulu ya mwana wanga. Mpaka lero zimandipweteka.

Iwo ankatembenuza timaseveni tawo n'kuseka mpaka kutsokomola. "Mwaona? Mantha yanu ndiye yanidyetsa." Apo ankanena zoona, kungoti sankadziwa kuti tikuopa chiyani.

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho. Mimba inatuluka, suti ya safari inasokedwa, ndipo munthu amene sankatha kuwerenga nyuzipepala osaloza ndi chala anayamba kulangiza aphunzitsi za mitima ya anthu. Kenako akuluakulu a chipani anabwera pa galimoto ndi munthu wawo, anthu anavota poimika manja, ndipo Ba Ignatius anatsala ndi suti yokha. Anati ankafuna kale kupumula.

Lamlungu lotsatira anabwera pansi pa mango monga mwa masiku onse. Unali Novembala, mitambo itayamba kuda, aliyense akukonza joko ndi pulawo. Moyang'anana nawo munakhala Ezron, munthu wosalankhulalankhula, amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha ndipo chaka chilichonse ankalima mochedwa podikira kubwereka ina.

Ndinagawa makadi ndine. Alamu anasuzumira awo, n'kuika nkhuku. Ena tinataya, Ezron anatsatira. Pakati panagwa eyisi, king'i ndi folo.

"Mbuzi," anatero Ba Ignatius, osayang'ananso makadi.

"Mbuzi," anayankha Ezron.

Alamu anga anaphethira. Zaka zonsezo masewera ankathera pamenepo, ndipo sayansi yawo sinkanena kanthu za khadi lachinayi. Mwina mzungu uja ankazifotokoza iwo ali kotsuka mbale. Ndinagwetsa naini. Alamu anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa.

"Ng'ombe. Ija yofiira."

"Mulamu," ndinatero, "ija ni ya Mainess. Mvula ili pafupi."

"Khala chete iwe. Azataya uyu, penya."

Ezron anayang'ana mitambo kanthawi. Akaluza, ndiye kuti khola lake litsala lopanda kanthu, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

"Na yanga naika," anatero.

Khadi lomaliza linali jeki. Ba Ignatius anatembenuza maseveni awo pang'onopang'ono, akumwetulirabe, ngati akudikira kuti wina awombe m'manja. Ezron anaika pansi eyisi ndi kathiri kopanda ntchito. Pamodzi ndi ija ya pakati, maeyisi anakwana awiri, ndipo maeyisi amaposa maseveni.

"Koma iwe siunaope?" anafunsa alamu. "Nikanakhala na maeyisi awiri?"

"Simunakhalepo nayo, Ba Ignatius," anatero Ezron. Aka kanali koyamba kuwatchula dzina m'malo mwa tcheyamani. "Mumationetsa mweka maseveni Sande iliyonse. Ine eyisi nakhala nikutaya kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana. Manje feteleza simulemba ndimwe."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka. Alamu anatiyang'ana mmodzimmodzi kuti wina atsutse. Ine ndinali kutolera makadi.

M'mawa mwake Ezron anafika ndi chingwe. Mainess sanalire pamaso pake. Anamasula yekha ng'ombe yofiirayo, n'kumuuza kuti imakoka bwino ikakhala kumanzere. Mvula inagwa Lachitatu. M'khola la Mainess munatsala ng'ombe imodzi, ndipo joko silikokedwa ndi imodzi, choncho mlongo wanga, wa zaka makumi asanu, analima munda wonse ndi khasu, ndipo theka anabzala Khirisimasi itapita.

Ba Ignatius ankakhala pachitsa m'mphepete mwa munda, atavala suti yawo, akufotokozera aliyense wodutsa kuti Ezron poka saidziwa, munthu woidziwa akanataya.