Mbendera ya a Fraser m'chiuno mwa Mayi Gondwe

Ndine ndinayambitsa zonsezo, sindikana, ndipo tsikulo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Mpingo wathu wa Amalawi unkabwereka holo ya tchalitchi china ku Govan, ku Scotland. Wosunga makiyi anali a Fraser, mkulu wa konkuno wosayankhulayankhula, amene kale ankakhoma zombo. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha mitundu, aliyense ankapachika mbendera ya kwawo. A Fraser sankabweretsa ya Scotland ayi. Ankabweretsa ya katawuni kawo ka kumpoto: nsalu yobiriwira, pakati pali chishango chokhala ndi bwato, nsomba ziwiri ndi mtolo wa tirigu.

Loweruka la chikondwererocho ndinaipeza itapindidwa pampando, eni ake atapita kukatenga makwerero. Pafupi panali mulu wa zitenje zimene amayi amamanga akamalowa m'khitchini. Ndinangoiika pamwamba pa muluwo, basi.

Mayi Gondwe, amene ankakazinga mandasi, anafika mothamanga n'kutola chapamwambacho.

"Koma ndiye kachitenje kolimba! N'kandani aka?"

"N'kanu, anti. Kakukhalani ngati mkwatibwi," ndinatero.

"Iwe Chiko, pakamwa pakopo!"

Anamanga. Bwato linakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo akamayenda linkapendekera uku ndi uku ngati lili pamafunde. Ine ndi anzanga tinangofa nalo phwete. Kwa ola lathunthu Mayi Gondwe anapukutirapo manja amafuta, n'kumagwirira chiwaya chamoto ndi ngodya ya mbenderayo.

A Fraser anafufuza pansi pa mipando yonse. Atalowa m'khitchini anangoima. Sanakalipe. Ananena motsitsa mawu kuti katawuni kawo kanasiya kalekale kukhala ndi khonsolo yake, ndipo mbenderayo anasoka pamanja ndi malemu akazi awo, akuonera chizindikiro chimene chinali pakhomo la khonsoloyo.

Mayi Gondwe anaimasula, n'kugwada pasimenti pomwepo misozi ili mbwee. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenecho: anagwada ndi iwo, wosalakwa, ine ndili chiimire pakhomo ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke.

Anzanga sanachedwe kundiulula. Bambo anga anandigwira khutu.

"Uichapa ndi manja ako. Ndipo holoyi usesa Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi."

Mafuta anachoka. Koma pamene panapsa ndi chiwaya, pamchira pa nsomba imodzi, panatsala bowo loti chala n'kulowa. Pano ndikudziwa kuti nsaluyo ndiyo inali kwawo konse kumene kunawatsalira a Fraser. Nthawi imeneyo ndinkangoona kuti chilango chandipepukira. Ndinkasesa ndikuimba likhweru, tsache ndikuliyesa gitala.

Loweruka lomaliza ndinawafunsa a Fraser mwachibwana ngati adzaipachikenso chaka chamawa.

"Ayi, mwana wanga. Ili m'dirowa kunyumba," anatero, n'kundilozera pakona pamene ndinasiya fumbi.