Mmene Ndinamasulirira Achimwene Anga ku Insaca

Ndinakulira ku Malawi pothawa nkhondo, Chipwitikizi n'kudzachiphunzira titabwerera kwathu, ndiye ku Insaca kuno aliyense wofuna womasulira amakumbukira ine. Ndi mmene ndinapezekera pa ntchito ya mayi wina wa ku Maputo, wophunzira za chuma, amene ankafufuza za asodzi a ku nyanja ya Chiuta odwala chifuwa chachikulu amenenso anagwidwa ndi kachasu. Tinayenda m'madoko miyezi ingapo, iye akufunsa, ine ndikutembenuza.

Mmodzi mwa asodziwo anali achimwene anga. Mankhwala anali atawayamba kawiri, kawiri konse n'kusiyira panjira. Sikuti ankafuna kufa ayi. Akaledzera, tsiku lokatenga mankhwala linkawadutsa. Ukawathera mowawo, manyazi ankawagwira kukaonekera kwa enfermeru, namwino wa kuchipatala, ndiye ankangolowa m'bwato n'kukatsokomolera pamadzi. Akazi awo, alamu anga, ankandiyang'ana ngati ine ndiye ndimasunga kiyi wa chipatala.

Zimene mayi uja anapeza zinali zomveka ngakhale kwa ine wosadziwa masamu. Boma litamatumiza munthu pa mota, njinga yamoto, kukawapatsa asodziwa mankhwala kudoko komweko, n'kumakhala nawo pansi kukambirana za mowawo, lingawononge ndalama zochepa kusiyana n'kudikira kuti matenda abwerere atakhwima, osamvanso mankhwala, atalowanso mwa ana m'nyumba. Chinatsala n'kukawauza akuluakulu okonza za chaka chotsatira. Ine ndi pakamwa pangapa ndinali nditalonjeza kale. Ndinati, "Alamu, mtima m'malo. Mota izifika pakhomo pano."

Pa runiyau, msonkhano wa akuluakuluwo, anatiika kumapeto, atatha kukangana za malata ndi mijigo. Fungo la mpunga ndi nkhuku linali litayamba kale kulowa pazenera, maso a anthu onse ali kukhomo. Mayi uja ankalankhula Chipwitikizi kwa a boma, ine n'kumatembenuzira mafumu, mashehe ndi abusa a mu komiti ya zaumoyo, poti mawu awonso ankamveka posankha zochita.

Anali atandichenjeza dzulo lake kuti asodziwa ndiziwatchula monga amawatchulira iye: anthu amene mowa unawagwira thupi moti sangausiye paokha. Ankati amenewa ndi matenda. Koma mawuwo ngataliatali, ndipo wapampando anali akugogoda wotchi yake ndi chala. Ndinafuna kuthandiza. Ndinafuna kuti tifike msanga pa nkhani ya mota anthu asanadzuke. Ndiye ndinangodula n'kunena kuti zidakwa.

Chinyanja chathuchi n'chankhanza, ndipo ndinachidziwa tsiku limenelo. Munthu timati uyu, wabwera, wadwala. Chidakwa timati ichi, chabwera, chagwera mu ngalande, ngati chitsa kapena chigubu. Nditangoyamba choncho, lilime linakana kubwerera. Ndinadzimva ndekha ndikuti, "Zidakwa zimenezi zikapatsidwa mankhwala kudoko, zimachira." Ndikunena achimwene anga, amene anandibereka kumsana powoloka malire.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Mkulu wina wa imvi anaimika dzanja, akuyang'ana ine. "Pepani aphunzitsi, mwati boma ligule mota yoti izithamangira zidakwa? Azimayi oyembekezera akupita kuchipatala pa njinga yakapalasa, inu mukuti mota ya zidakwa?"

Wina kumbuyo anawonjeza, "Zikafuna mankhwala zizibwera zokha. Nanga njira ya kumowa zimaidziwa bwanji?"

Mayi uja anandiyang'ana akumwetulira, poganiza kuti nkhani yawakomera, n'kundifunsa chimene akunena. Apa ndiye ndinalakwa kachiwiri. Ndinachita mantha kuti adziwa zomwe ndapalamula, ndipo ndinamuuza kuti akufunsa za mafuta a mota. Iye anatsegula mapepala ake n'kufotokoza za mafutawo mwaulemu, mosamala, mwatsatanetsatane, kuyankha funso limene panalibe analifunsa. Ine ndinatembenuza zonsezo bwinobwino, osaphonya liwu limodzi. Pa za mafuta pokha ndiye ndinali katswiri.

Wapampando anathokoza, nati aona. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kutalika kwa "tiona". Pepala la kafukufuku analitsamiza ndi botolo la madzi kuti lisauluke, anthu n'kupita kukasamba m'manja.

Ndimadzitonthoza kuti mwina ngakhale ndikanatchula bwino akanakanabe, poti mkulu wa imvi uja sananame za azimayi oyembekezera. Mwinadi. Koma akanakana atamva kaye, akanakanira anthu. Ine ndinawapatsa chinthu chosavuta kukana, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Madzi akatayika saoleka.

Mayi uja anabwerera ku Maputo akundiyamikira kuti ndine womasulira wabwino. Mota sinabwere. Mvula itayamba, msewu wa ku Chiuta utasanduka phala, achimwene anasiya mankhwala kachitatu, ndipo chimanga chisanakhwime tinawaika m'manda. Ena mwa amene anaseka aja analipo pamaliro, nkhope zili zakugwa, akuti mudzi wataya munthu. Atamwalira ndiye anakhalanso munthu.

Anthu atabalalika, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba. Maso anali atatupa, mawu atasasa.

"Alamu, ndifunseko chimodzi chokha kuti mtima ukhale pansi. Ku Insaca kuja munawauza bwinobwino akuluakulu aja? Munawauza kuti ndi bambo wa ana, kuti akakhala osamwa sanyoza munthu?"

Ndinati, "Ndinawauza."

Alamu anagwada pafumbi pomwepo, n'kuwomba m'manja kundithokoza.