Mayi Luzia ndi Nyama Zawo za Zitini

Amayi a Lejio ya Maria andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi za Mayi Luzia Lazalo, amene tinawaika m'manda mwezi watha pa pulazi yathu ino ya fodya, kufupi ndi Karoi. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene iwo anandiuza. Zowakometsera sindiikamo, poti eni ake sankazifuna.

Anabadwira ku Angonia m'banja losauka, ndipo anabatizidwa ali mtsikana. Kusukulu sanapiteko, koma Katekisimu ndi Kolona anazisunga pamtima. Atakwatiwa ndi Bambo Lazalo anabwera kuno pa lole ya antchito, mwana ali kumsana. Bamboyo anapatsidwa ntchito yosonkhezera moto ku mabani owumitsira fodya, mayiyo n'kulowa m'shedi yosankhira fodya, monga tonsefe.

Amene sanagwirepo ntchitoyi adziwe kuti nthawi yosankha, mayi amalowa m'shedi m'mamawa n'kutuluka dzuwa litalowa. Wakhanda amakhala kumsana. Koma mwana amene wayamba kuyenda, ndipo sanafike poti n'kugwira ntchito, ameneyo masana alibe mwini. Mwana wa Mayi Luzia, Joze, tsiku lina anatsatira bambo ake ku mabani, n'kugwera m'phulusa lamoto. Anamwalira asanafike kuchipatala. Mwana wina sanakhalenso naye.

Patapita zaka, fumbi la fodya linawalowa m'chifuwa, kapitawo n'kuwachotsa m'shedi. Amuna awo anali atamwalira kale, kwawo kunalibenso wowadziwa. Anatsala m'kanyumba kakumapeto kwa komboni, akudya zimene anzawo awagawira. Apa m'pamene anayamba kusonkhanitsa ana a eni pansi pa mtengo wa musasa. Palibe amene anawatuma. Koma mwana sakhala pansi chifukwa chakuti wamuuza kuti akhale, ndiye anayamba kuwapangira nyama.

Ankapanga ndi zimene ife tataya. Chitini cha nyama chinkasanduka ng'ombe, misomali yopindika ili miyendo, waya womangira mabelo a fodya ali nyanga. Chitini cha nsomba akachivundikira chinali fulu. Zitsononkho zinali nkhumba, chubu chakutha cha njinga chinali njoka ndi michira, chiguduli chinali makutu a njovu. Tinsalu totsala ankatenga kwa Bambo Amisi, telala wa m'komboni muno. Chitini chilichonse ankayamba achipondaponda m'mphepete ndi mwala, amvekere chitini chimaluma mwana, uyambe wachigulula mano.

Kunena zoona, nyama zina sizinkaoneka bwino. Galu wawo ndi mbuzi yawo zinali chimodzimodzi. Ukawafunsa kuti ichi n'chiyani, ankati ufunse mwini wake, iye akuchidziwa. Luso lawo linali pena: sankamaliza nyama tsiku limodzi. Lero thupi, mawa miyendo, mkuja maso. Mwana ankadzuka akudziwa kuti ng'ombe yake ilibe mchira, n'kuthamangira kumtengo m'malo mopita kudamu kapena ku mabani. Akudikira mchirawo ankaphunzira Atate Athu ndi Tikuoneni Maria. Pa Khirisimasi nyama zonsezo zinkapita kutchalitchi kukaima m'khola la Mwana Yesu, njoka yokha ndiyo inkatsala.

Dziko lino litatsekeredwa malonda ndi maiko akunja, zitini zinayamba kusowa. Anthu ankazisunga kuti azimwera. Kenako nkhondo inafika kwathu kuno. Komboni anaizinga ndi waya, asilikali ankabwera kudzafunsa za anyamata a m'tchire, anyamatawo n'kubweranso kudzafunsa za asilikali. Kunja kwa waya kunali zitsulo zosayenera kutola. Mayi Luzia anaika lamulo lakuti cha m'tchire, ngakhale chinyezimire bwanji, sachilandira. Fata, wansembe wathu, analeka kubwera chifukwa cha mabomba okwiriridwa mumsewu, ndipo mpingo unatsala m'manja mwa katekisiti wathu, Bambo Fraser.

Chaka chimenecho, posowa zitini, analuka mphalapala ya makoko a chimanga pa waya, yanyanga zazitali, yofika m'bondo. Inali nyama yokongola kuposa zonse zimene anapangapo. Ana anayenda nayo komboni yonse akuimba. Akuluakulu a gule wamkulu ataiona anati mayiyu akuonetsa ana ndi akazi zinthu za kudambwe. Akuluakulu a mpingo ataiona anati mayiyu akulowetsa chilombo cha nyau pakati pa ana a Akhirisitu. Aka kanali koyamba kuona magulu awiriwa akugwirizana pa nkhani imodzi. Anyamata a gule anawatenthera thumba lawo la zipangizo. Bambo Fraser analengeza Lamulungu kuti Mayi Luzia aime kaye ku Lejio, azikhala kumbuyo, ndipo Akhirisitu asatumizenso ana kumtengo mpaka Fata adzaweruze.

Mayi Luzia anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi. "Bambo, ine ndinaona makoko ndi waya. Kumbuyo ndikhala, palibe kanthu. Nanga anawa akhala kuti?"

Anatenga chitenje chawo n'kukakhala pafupi ndi khomo.

Amayi ambiri anamvera, ena poopa mpingo, ena poopa gule. Mayi Luzia anatsala ndi ana a Mayi Mariamu, akazi a telala, amene ndi Asilamu. Mayi Mariamu anauza anzawo m'shedi kuti za nyau ndi za tchalitchi iwo sakuzidziwa, chimene akudziwa n'chakuti akamasankha fodya mtima wawo uli m'malo. Mayi Luzia sanalekeko kupemphera ngakhale Lamulungu limodzi. Pa Khirisimasi m'khola munali Mwana Yesu, Maria ndi Yosefe, opanda ng'ombe ngakhale imodzi. Mayi Luzia anagwada patali n'kuimba nawo.

Nthawi ya masuku, ana ena anapyola pansi pa waya kukatola. Anapeza kachitsulo m'udzu, n'kuyamba kukamenya ndi mwala. Tinamva kuphulika tili m'shedi. Laxon, mwana wa Mayi Jesinta, anaduka zala za dzanja lamanja ndipo diso limodzi linafa. Enawo anapulumuka ndi mabala.

M'mawa mwake pansi pa musasa panadzaza. Amayi ankangosiya ana n'kumapita, osayang'ana Mayi Luzia kumaso. Bambo Fraser anafika pomalizira, atagwira mdzukulu wawo dzanja, kwinaku atanyamula mpukutu wa waya. Anauika pansi. Kupepesa sanapepese, ndipo chiletso chija sanachichotse, ati mlandu uli kwa Fata. Mayi Luzia anangoti, "Mukhazikeni apa, pali mthunzi."

Sanakumbutse munthu aliyense zimene anafunsa m'tchalitchi muja. Mphalapala sanalukenso, ankati nyama zilipo zambiri, palibe chifukwa chovutira anthu. Laxon atatuluka m'chipatala anamupangira ng'ombe ya magudumu a zitsekerero za mabotolo, yokoka ndi chingwe, yoti dzanja limodzi likwane. Anapitiriza chomwecho chifuwa chikunka chikula, mpaka zala zawo zinaleka kupinda waya. Pamenepo ankangolozera, ana okulirapo n'kumapinda okha.

Fata anafika chaka chino, atatsagana ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Anapeza Mayi Luzia ali gone. Atamva mlanduwo anati sakuonamo tchimo, ndipo anawapatsa Ukalistia ndi kuwadzoza mafuta a odwala. Iwo anathokoza, koma kutchalitchi sanathenso kufikako kuti akakhale pamalo pawo pakale.

Anamwalira masana, ife tili nawo m'nyumba tikupemphera Kolona. Ana anali panja akukangana za ng'ombe yothyoka mwendo. Mayi Esinati, mnzathu wa m'Lejio, ananyamuka kuti akawathamangitse, koma wodwalayo anawagwira nsalu.

"Asiyeni, Mayi. Ndikamamva phokosolo ndikudziwa kuti ali pano."

Pasanapite nthawi anapuma komaliza, phokoso likupitirira. Manda awo anakumba Akhirisitu, Asilamu ndi a gule pamodzi, ndipo za makoko palibe anazitchula.

Tsopano kusankha fodya kwayambanso, ndipo nkhondo sinathe. A Lejio tagwirizana kuti tizisinthana kukhala pamtengo paja. Kapitawo akunyinyirika, ndipo amene wakhala ndi ana tsikulo amabwerera kunyumba mutu ukuwawa kuposa wa m'shedi. Sitinkadziwa kuti ntchitoyi ndi yolemetsa chotere. Nyama zathu n'zoipa kuposa zawo, koma mpaka lero palibe mwana wapyolanso waya. Amene muli ndi chitini chobooka, waya kapena chiguduli, musataye, perekani kwa Mayi Esinati. Ndipo amene muli ndi tsiku, bwerani mudzakhale.

Ambuye awapatse mpumulo Mayi Luzia, poti pansi pano sanaupeze.