Pamene Shedi Inasowa a Yotamu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Ndinafika pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Centenary nthawi ya Chitaganya, ndili mtsikana wochokera ku Dedza, Chishona osadziwa ngakhale moni. Azakhali ananditengera kwa foromani wa shedi yosankhiramo fodya, a Yotamu. Foromaniyo anandiyang'ana m'manja nati, "Zala zazitali izi zikhoza. Mawa simbi yoitanira antchito ikalira mubwere, Nachisale."

A Yotamu sanali foromani wamba. Dzina lawo linkamveka m'makomboni onse mpaka ku Glendale. Ankaimba banjo pa maukwati, ndipo munthu wa ku Nyasalande akamwalira pa pulazi iliyonse, iwo ndiwo ankapalasa njinga kukamema anthu, kupeza matabwa a bokosi ndi kulembera abale kalata kumudzi. Akangofika pamalo, anthu ankayamba kuseka iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ntchito anandiphunzitsa okha. Fodya akatuluka m'balani amakhala wouma kwambiri, ukamugwira amathetheka, choncho ankayamba amudutsitsa pa nthunzi kuti afewe. Ife tinkakhala pa matebulo aatali pafupi ndi mawindo, kutambasula tsamba lililonse, kuona mtundu, kutalika ndi mawanga. Wachikasu payekha, wa lalanje payekha, wofiirira payekha, wong'ambika m'dengu. Masamba ofanana tinkawamanga ndindi, kukulunga mapesi ake ndi tsamba lina, amuna n'kukazipanikiza pa jeke kuti zikhale mabelo.

"Akanyowa kwambiri amaola m'belo," ankatero. "Muzimumva ndi zala musanamange."

Tsiku lina masana anthu atapita kukadya sadza, nsima ya kumeneko, ndinabwerera m'shedi kukatenga mpango wanga. Ndinawapeza atakhala pa belo, nkhope ili m'manja.

"Bambo, mwadwala?"

"Ayi, mwanawe. Masiku ena m'mutu muno mumangochita mdima."

Kenako anadzuka, nayamba kuyerekeza kayendedwe ka mzungu wathu, mwini pulazi. Ndinaseka, ndinatenga mpango, ndinatuluka. Sindinauze munthu.

Patapita masabata awiri, Lolemba m'mawa, simbi inalira koma shedi inali yokhoma. Tinaima panja mpaka azakhali anatulukira akuyenda pang'onopang'ono, nsalu ili pakamwa.

"A Yotamu adzipha," anatero. "Awapeza m'mamawa uno."

Mzungu anabwera yekha ndi makiyi. Anati wamva chisoni, koma lole yopita ku misika ya fodya ku Salisbury siidikira. Tigwire ntchito lero, maliro mawa apolisi akamaliza zawo.

Sindinaonenso tsiku lalitali ngati limenelo. Manja ankagwira, pakamwa posatseka. Ena ankati awalodza chifukwa cha uforomani. Mayi wina wa Chishona amene tinkakhala naye tebulo limodzi anati ndi ngozi, mzimu wa munthu wolakwiridwa kale kubanja. Ambiri ankangobwereza kuti, "Munthu wosangalala chonchi, zatheka bwanji?" Ine misozi inkanditseka maso mwakuti wachikasu ndi wa lalanje ankaoneka amodzi. Ndinamanga ndindi zosakaniza, kalaliki anandibwezera zonse, ndinamasula n'kuyambanso. Mumtima ndinkangomva mawu amene anandiuza ali pa belo.

Mawa lake kunabwera anthu a m'mapulazi ambiri, a mpingo ndi a gule omwe, ena wapansi, ena pa njinga. Koma mkulu wa mpingo wathu, a Gomani, analengeza kuti munthu wodzichotsera moyo saimbiridwa nyimbo. Tinanyamuka kupita kumanda chete, mapazi okha akumveka.

Pamanda, mkazi wa malemu, amayi a Rute, anapempha kulankhula, ngakhale anamfedwa salankhula pamalo otere.

"Palibe amene walodza amuna anga," anatero. "Zaka zambiri akhala akudwala mumtima. Ankagona masiku awiri atayang'ana kukhoma, osadya, ine n'kumakuuzani kuti ndi malungo. Ankandiletsa kunena. Ankati anthu akadziwa adzati Yotamu wapenga, ndiye adzaitana ndani pa mavuto awo? Ndinawabisira chifukwa ndinkawakonda. Lero ndikanakonda ndikanaulula."

A Gomani anaima nthawi yaitali atazolika. Kenako anavula jekete, nalanda fosholo kwa wokumba manda.

"Lamulo la mpingo sindingalisinthe," anatero. "Koma munthu uyu anandisenzera bokosi la mwana wanga. Ndimupempherera ngati mnzanga."

Anapemphera, ndipo amayi ena kumbuyo anayamba nyimbo chapansipansi. Sanawaletse.

Madzulo ndinapita kwa amayi a Rute ndi kuwauza zimene ndinaona m'shedi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anandigwira dzanja nati, "Unali mwana, ukanatani? Komabe unawafunsa. Ambiri sanafunse."

Ndinagwira m'mashedi a fodya mpaka maso atayamba kufooka, ndipo pambuyo pake ndinkayang'anira tebulo langa la amayi. Wina akandiyankha kuti ali bwino koma nkhope ikukana, sindinkafulumira kuchoka. Ndinkakokera benchi pafupi, n'kuyamba kumuthandiza kumanga ndindi zake osanena kanthu. Ena ankakhala chete mpaka simbi. Ambiri, tikafika pa ndindi yachitatu, ankayamba kulankhula.