Ankati Ndaipha ndi Madzi

Mlandu wanga unali wotsuka thirakitala. Ndinakhululuka kale pamaso pa Mulungu, koma ndikaukumbukira pachifuwa pamatenthabe.

Zinachitika m'ma 90 muja, mvula ili pafupi, bambo a ana anga atamwalira chaka chapitacho. Kuno ku Lupande ng'ombe sizikhala chifukwa cha ntchentche zoluma za kashembe, ndiye anthu achifundo atapatsa kalabu yathu ya alimi thirakitala yaing'ono, tinagwada n'kuthokoza. Inali yofiira, yosaposa mwana wa mvuu, koma inkatembenuza makande amene khasu limangodumphapo. Ankaisunga pakhomo panga, pansi pa bwemba, poti ndili pafupi ndi msewu. Inkalima motsata mayina, ndipo lamulo linali lakuti wowononga chinthu cha kalabu apite kumapeto kwa mndandanda. Kupita kumapeto kunali kutaya chaka, chifukwa mvula ikakhazikika dothi lathu limasanduka phala, thirakitala siilowanso m'munda.

Tsiku langa linali Lolemba. Loweruka ndinaiona ili matope okhaokha, ndinati chinthu chodzadyetsa ana anga chisalowe m'munda mwanga chonchi. Ndinatenga ndowa ndi kansanza n'kuipukuta bwinobwino, ndikuimba. Boneti sindinatsegule n'komwe.

Lolemba cha m'ma sikisi anafika dalaivala, amene anali mlamu wanga, mng'ono wa malemu. Anakwera, naponda kilatchi, napotokola kiyi. Inangoti kha, kamodzi, basi zii. Anabwerezanso, chimodzimodzi. Pofika ma eyiti amuna anali atadzaza pabwalo panga, aliyense ndi nzeru zake. Wina anapisa kamtengo m'thanki kuona dizilo, ndipo anali wodzaza. Wina anagogoda sitata ndi sipanala. Wina anangoyenda kuizungulira akumenya matayala ndi phazi, ngati matayala ndiwo amaliza injini.

Kenako anabwera a tcheya a kalabu. Anadutsitsa chala pa boneti, nachiyang'ana.

"Kodi yayera chonchi bwanji?"

"Ndinaitsuka ine, bambo."

"Mwaimva nkhani? Mayi, iyi si mwana wakhanda woti muzisambitsa. Mwailowetsa madzi m'mawaya."

Amuna anaseka. Wina anati mwina ndinaidzozanso mafuta n'kuibereka kumbuyo. Ndinawafunsa kuti nanga mvula yoyamba ija itainyowetsa mlungu wathawo, bwanji siinafe? A tcheya anati madzi a mvula ndi ena, a m'ndowa ndi ena. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kuyankhula zimenezo anzake n'kumagwedeza mitu! Anaikankhira padzuwa, natsegula boneti kuti iume.

Pamenepo ndi pamene ndinaona batire. Chitsulo chake chogwirira chinathyoka kalekale, ndipo ndinali ine amene ndinalimanga ndi mphira nthawi imeneyo, mfundo yake ija timamangira mtolo wa nkhuni. Tsopano linali ndi mfundo ina, yachimuna, yongopiringiza. Ndinati, "Alamu, wamasula batireli ndani?" Mlamu anayang'ana kumbali, nati ndisiye zinthu zimene sindikuzidziwa.

Inauma tsiku lonse, inaumanso Lachiwiri, koma ayi ndithu. Madzulo a Lachiwiri a tcheya analengeza kuti ikadzalira, dzina langa lili kumapeto. Mitambo inali itayamba kuunjikana cha ku mapiri. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndipo pemphero langa silinali lokoma. Ndinati Ambuye, inu munaona dzanja limene linagwira batire lija, ine sindinalione, koma ana amasiyewa adya chiyani?

Lachitatu m'bandakucha ndinauyamba ulendo wa ku Nkwali. Kumeneko kunali makanika wa magalimoto a alendo oona nyama, amene tinkaimba naye kwaya. Mulungu amudalitse kulikonse ali. Anapempha chilolezo kwa abwana ake, nandikweza pa njinga, ndipo tinafika dzuwa lili paliwombo. Anthu atamva, anasonkhananso, amayi omwe.

Makanika sanayambe ndi sipanala. Anadina hutala, n'kungolira ngati mwanapiye. Anayatsa magetsi akutsogolo, n'kungofiira ngati khala lozima.

"Batire latha moto ili," anatero. Anagwira chingwe cha pamutu pa batire, n'kuzuka chokha m'manja mwake. Anachionetsa kwa a tcheya. "Onani mabalawa. Wina anachikhomera ndi mwala. Mayiwa madzi awo amagwira mwala?"

A tcheya anati mwina ndi kugwedezeka kwa m'munda. Makanika anatokosa pamutu pa batirepo natulutsa tizingwe tiwiri topyapyala, todukira pomwepo.

"Iti si ta thirakitala. Pali amene anayatsira chinthu apa."

Amene anayankhula anali akazi awo a tcheya, ali chiimire kumbuyo ndi lichero m'manja.

"Bambo, kodi si lomwe lija munayatsira getsi la masikauti pothamangitsa njovu ku mango athu? Munati mwabwereka kwa aphunzitsi."

Nkhani yonse inatuluka pamenepo. Njovu zinkabwera ku mango a tcheya, iwo n'kubwereka getsi lalikulu kwa masikauti oteteza nyama zakutchire, koma batire analibe. Loweruka madzulo ine ndili ku kwaya, mlamu analimasula n'kuwapatsa. Linaunikira njovu mpaka kucha, ndipo analibweza Lamulungu ine ndili m'tchalitchi. Onse awiri ankadziwa chimene chinapha thirakitala. Masiku atatu anandisiya ndikusekedwa pabwalo panga pomwe, n'kundilanda tsiku langa, chifukwa cha mango. A tcheya sanandipweteke kwambiri ngati mlamu. Munda umene ankaulekererawo unali wa mkulu wake, wodyetsa ana a mkulu wake.

Makanika anati ikhoza kulira mokankha, bola dalaivala asaizimitse mpaka ntchito ithe. Amayi anayamba kumanga zitenje kuti akankhe. Ndinawaletsa.

"Ife timangodziwa kusambitsa. Akankhe odziwa makina."

A tcheya anati za mndandanda komiti iyenera kukhala pansi kaye. Ndinakaimirira kutsogolo kwa kanjira kopita kumunda kwanga, n'kuloza. A tcheya anavula jekete, nagwira kumbuyo ndi anzawo aja, ndipo anakankha katatu konse thukuta lili kamukamu. Ulendo wachitatu inatsokomola, inatulutsa utsi wakuda, n'kulira. Mlamu anakhotera kumene ndinkalozako osafunsa munthu.

Inalima kumtunda konse kwa mundawo mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake mvula inagwa ya masiku anayi, ndipo kumunsi thirakitala sikanalowanso. Kumeneko tinalima ndi makasu ine ndi ana anga aakazi, matope akutigwira m'miyendo, ndipo tinabzala mochedwa moti chimanga chake chinangokhala cha mbuzi. Tinadya cha kumtunda, ndipo ndikuthokoza kuti chinatifikitsa pafupi ndi masika. A tcheya sanapepese. Mlamu anabwera tsiku lachiwiri la makasu, atanyamula lake, nalima nafe mizere mpaka madzulo. Madzi akumwa ndinamupatsa.