Madzi a mwana ndi magalasi a mkamwini

Mwana wanga woyamba anayamba kutsekula m'mimba mwezi wa Malichi, nthawi imene nkhuni zonse za m'mudzi mwathu kwa Kabudula zinkathera m'zigafa zofukizira fodya. Ndinali ndi setifiketi ya uphunzitsi, ndipo ndinkadziwa kuti madzi a khanda amayenera kuwira. Ndinkachita mantha ngakhale mwanayo akangoyetsemula.

Amuna anga, amene ankakhala kwathu pa chikamwini, ankagwira ntchito yoyeza mvula ku Chitedze. Anabwerako ndi nzeru imene anaiona m'magazini ya mzungu.

"Amake mwana, nkhuni ndi zachikale. Dzuwa likagunda magalasi ambiri, kuwala konse n'kukumana pa ketulo, madzi amawira okha."

Ndinawakhulupirira, pakuti tonse tinali ophunzira. Anagula matabwa ku Nsaru n'kukhoma chinthu chonga lichero lalikulu, ine n'kuyenda khomo ndi khomo kubwereka magalasi odziyang'anira.

Tsiku loyamba kunachita mitambo. Lachiwiri dzuwa linawala, koma eni magalasi anabwera kudzaona katundu wawo, ndipo aliyense atafika anawerama n'kuyamba kukonza duku. Ketulo inakhala pamthunzi wa azimayi mpaka masana. Atachoka, dzuwa nalo linali litasuntha, ndipo kuwala kuja kunaboola shati ya amuna anga imene inali pachingwe. Madzi anangofunda ngati mkodzo wa ng'ombe.

Mayi anga sankayankhulana ndi mkamwini wawo maso ndi maso, monga mwa mwambo. Anakhala chofulatira, amuna anga ali pomwepo, n'kumauza ine.

"Uwafunse bambo akewo, kodi dzuwalo likudziwa kuti mwana akudwala?"

"Muwauze amayi kuti sayansi imafuna kudekha."

"Uwauze kuti m'mimba mwa mwana simunapite kusukulu."

Mawa lake amuna anga atakwera njinga kupita kuntchito, mwana anakana bere, liwombo litalowa. Ndinangoima pafupi ndi ketulo ija n'kumayang'ana kumwamba, misozi ili chuchuchu. Mayi anachotsa magalasi aja limodzilimodzi, kuwapukuta ndi chitenje, n'kutenga nkhwangwa. Matabwa a ku Nsaru anali ouma bwino. Mwana anamwa madzi owiritsa ndi kaphala kamadzimadzi, n'kugona.

Madzulo amuna anga anapeza phulusa ndi misomali. Mayi, chofulatira, anati, "Uwathokoze, makina awo aja agwira ntchito. Akhomenso ena, eti."