Palibenso wonditsina pachigongono

Achemwali, lero kutchalitchi kwathu ku Ndunde kwaya yathu yaimba nyimbo ya Pasaka ija. Ine ndalowa msanga m'nyimbomo ndekhandekha, mpingo wonse n'kucheuka. Paja sindinkadziwa polowera ife oimba mawu a alito, ndiye inu munkanditsina pachigongono nthawi ikakwana. Tsiku lina munanditsina kwambiri mpaka ndinakuwa "mayo!" pakati pa Aleluya, inu n'kubisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Papita chaka chimwalirireni inu, ndipo yunifolomu ya kwaya ndabweza lero lomwe. Sindiimbanso. Abusa amati tisalire, mukuimba ndi angelo. Mwina n'zoona. Koma angelowo amadziwa kale polowera, achemwali. Wofunika kutsinidwa munamusiya kuno.